Altezza ikulira pansi, mwini wake akufuna kilatchi ya mpikisano

Wa ku Kamuzu Road: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pagalaja pano pabwera galimoto ya Toyota Altezza RS200, ya injini ya 3S-GE, magiya 6. Ikakhala pa neutral injini ili moto, pansi pakumveka khotchokhotcho ngati timiyala m'chitini. Ukaponda kilatchi, zii. Ine ndikuti ndi thrust bearing. Mwini wake akuti poti giyabokosi ikutsika kale, tiikiretu kilatchi ya mpikisano ija ya mabatani 6, yomwe plate yake imagwira ndi tizigamba 6 m'malo mozungulira yonse.

Madala a ku Nkhotakota: Mphwanga, mwaiwona chadodolido. Thrust bearing imalira ukaponda, chifukwa ndi pomwe imakankha zala za pressure plate. Phokoso lomwe likutha ukaponda, kayikirani flywheel, chitsulo chozungulira chakumbuyo kwa injini chomwe kilatchi imagwirapo, kapena bearing ya input shaft, chitsulo cholowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi. Mukamazimitsa injini ikutani?

Wa ku Kamuzu Road: Ndayesa pompano, madala. Ikamazima ikugogoda kawiri katatu, gu gu gu, ndodo ya giya mpaka kunjenjemera.

Madala a ku Nkhotakota: Ndi flywheel imeneyo. Ya RS200 ndi dual mass, zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i mkati, ndipo akatopa ndiye kugogodako. Musanatsitse bokosi, khetsani oyilo wake musefe pansalu yoyera. Mukapeza tizitsulo tonyezimira, ndiye kuti namo m'bokosimo muli nkhani. Mukatsitsa, gwirani chitsulo chakumaso cha flywheel muchipotoze ndi dzanja. Chikamangoyenda gwedegwede, kapena girisi wakuda atamwazika m'mbali, yatha basi.

Wa ku Dwangwa: Za mabatanizo mumuletse. Ndinaikirapo wina, mwezi sunathe anabwerera nkhope ili gwaa. Kilatchi imeneyo siidziwa kugwira pang'onopang'ono, pa hampu iliyonse ya M5 galimoto imadumpha ngati chule. Kenako anakatitimira mumchenga ku Senga Bay, n'kumalimbana nayo ataponda theka. Titamasula, flywheel inali mabalamabala abuluu, fungo lake ngati mpoto wopserera. Mlandu unagwera ine. Kodi wanuyo injini anaiwonjezera mphamvu? Nanga ikutsetsereka? Mukaiyese pa chitunda cha msewu wa M14 wopita ku Lilongwe: giya 5, pondani moto wonse. Rev ikakwera liwiro osakwera, plate yatha.

Wa ku Kamuzu Road: Injini ili momwe inachokera ku Japan, achimwene. Anangosintha ekizozi kuti izibangula pa depoti. Pachitunda ikutsetsereka pang'ono.

Madala a ku Nkhotakota: Ndiye mabatani a chiyani? Muikireni plate wamba yozungulira yonse, ya Exedy kapena Aisin, pressure plate ikhale yolimbako ngati akufunitsitsa. Akasankha flywheel ya chitsulo chimodzi, rev izikwera msanga, koma mumuuziretu kuti magiya azimvekabe kuyokosa ikaima, asadzati munalakwitsa. Plate yake ikhale ya masipuling'i pakati. Pilot bearing, thrust bearing ndi seal yakumbuyo kwa crankshaft sinthiranitu, mabawuti a flywheel mumange ndi torque wrench, osati paipi. Makilomita 800 oyamba aziyenda ngati wanyamula mazira.

Wa ku Kamuzu Road: Tatsitsa m'mawa uno. Oyilo ndi woyera, koma bell housing yonse, chigoba chija chimaphimba kilatchi, girisi yekhayekha, flywheel ikusewera ndi chala chimodzi. Thrust bearing ndimainamizira ija ikuzungulira bwinobwino. Mwini wake wavomera ya chitsulo chimodzi, mabatani wawasiya. Alipo akupita ku Lilongwe mawa atitengereko seal?