Kodi "m'mera mpoyamba" akunena thabwa loyamba?

Mlamu wa ku Mayfair:
Akuluakulu, thandizeni. Pagulu lathu la okhoma tizombo tamatabwa pali mnyamata amene wayamba kuphimba nthiti za kachombo kake. Atamata thabwa loyamba anati "m'mera mpoyamba, zatheka basi", kutanthauza kuti poti wayamba, zotsalazo n'zosavuta. Malume ake, omwe anabwera pabasi kudzaoda katundu kuno ku Johannesburg, anamudula pakamwa kuti mwambiwo sutero. Koma nawonso sanamasulire, anangoti kafunse. M'mera wake ndi uti? Nanga pa ntchito yathuyi, poyamba m'pati?

Mayi a ku Yeoville:
Agogo anga aakazi ku Ntcheu ankaunena nthawi yopalira koyamba. Chimanga chikamera, chili ndi masamba atatu kapena anayi, udzu ukachipitirira pamenepo ndiye kuti chaka chapita, ngakhale udzathire feteleza wochuluka bwanji. Ankaunenanso akaona mwana wamng'ono akutukwana akulu, makolo n'kumaseka. Sunali mwambi woyamikira munthu kuti wayamba. Unali wochenjeza. Malumewo akhoza.

Kalipentala wa ku Turffontein:
Ngati ndi wochenjeza monga akunenera Mayiwa, ndiye kuti mnyamatayo wachedwa nawo, chifukwa poyamba si pathabwa. Poyamba ndi pa nthiti. Nthiti zapulaiwudi zimachoka m'bokosi la zipangizo za kachomboko m'mphepete mwake muli mowongoka, pomwe thupi la chombo limakhota kutsogolo ndi kumbuyo. Thabwa likafika pa nthiti yosasalaza limangokhudza kangodya, guluu sagwira, ndipo thabwalo limathyoka msana pamenepo m'malo mokhota bwinobwino.

Choyamba onani kuti msana wa chombo ndi wowongoka, muupane pa bolodi, nthiti iliyonse ilowe molunjika, muyeze ndi sikweya guluu asanaume. Kenako matani sandipepa wa 80 pa kathabwa kotalika kokwana nthiti zitatu kapena zinayi nthawi imodzi. Mukapala nthiti imodziimodzi mudya ina mopitirira. Nthiti zakutsogolo mumadya mphepete yoyang'ana kutsogolo, zakumbuyo mphepete yoyang'ana kumbuyo, zapakati simuzikhudza kwenikweni. Poyesa, gonekani kathabwa kopyapyala kudutsa nthiti zonse, m'mwamba, pakati ndi m'munsi. Pamene kakulendewera, nthitiyo yachepa: matanipo kachidutswa ka 0.5 mm, mupalenso. Pamene katumphuka, palanibe. Mipata iwiri yoyamba ya kumphuno kwa chombo muidzaze ndi mtengo wofewa wa balsa kuti matabwa apeze pogona.

Wakunyanja:
Pepani a Kalipentala, komanso inu Mayi, nonse mwalowera kumunda pomwe mwambiwu ndi wa kumowa. M'mera ndi chimera. Agogo ku Nkhotakota ankanyika mawere, n'kuwafundika mpaka atamera, ndipo ankati chimera chikalakwika ponyika, thobwa kapena masese sangakome, uphike bwanji. Poyamba ndi ponyika. Nafenso chimodzimodzi: thabwa la mtengo wa lime la 1.5 mm mulinyike m'madzi otentha a m'ketulo mphindi 20 kapena 30, mulikhotetse pa chitini kapena pa chitsulo chotentha chowotcherera mawaya, lisanafike n'komwe pa nthiti. Losanyika limathetheka pamphuno. Si m'mera umenewo?

Mayi a ku Yeoville:
Chimera ndi chimera, m'mera ndi m'mera, achimwene. Zonse zichokera ku kumera, inde, koma palibe amapita kumsika kukagula m'mera wa thobwa.

Kalipentala wa ku Turffontein:
Za kunyikazo n'zoona koma mwasiyira panjira, a Wakunyanja, ndipo anthu aononga nazo ntchito. Thabwa lonyowa limafufuma m'lifupi. Mukalimata likadali lonyowa, pouma limabwerera, pakati pa matabwa n'kutsala ming'alu. Kuno ku Johannesburg n'koipa kwambiri m'miyezi ya June, July ndi August, mpweya ukauma gwa. Likhotetseni lonyowa, mulipanikize pa nthiti ndi mapini popanda guluu, ligone usiku, mawa mulichotse, mulimate louma. Guluu woyera wamatabwa, PVA, ndiye woyenera, muzipaka pa nthiti komanso m'mphepete mokumana ndi thabwa linzake. Supaguluu ndi kadontho chabe pansonga yamphuno, chifukwa akalowa m'thabwa amasiya banga loti vanishi sabisa.

Ndipo muzimata mosinthana, limodzi kumanja, limodzi kumanzere. Mukamaliza mbali imodzi yonse, matabwa amakoka msana n'kuupinda, ndipo chombo chokhota msana chilibe mankhwala.

Wakunyanja:
Mwavomereza nokha kuti nkhani yagona pamadzi. Ndimanena zomwezo.

Mphunzitsi wa ku Rosettenville:
Kwathu ku Zomba agogo ankauphatikiza ndi unzake wakuti "kuwongola mtengo mpoyamba", ndipo yonse iwiri ankanenera ana, osati mowa. Koma ine ndiikira kumbuyo mnyamatayo pang'ono. Thabwa loyamba ndilo limalamula anzake onse. Zombo zambiri za m'bokosi zimayambira thabwa la m'munsi mwa deki (poyendapo anthu pamwamba pa chombo), losasongola, ndipo liyenera kukhala pa msinkhu umodzi mbali zonse ziwiri. Mukaliphonya ndi milimita imodzi kumanzere, mudzaziona poika mazenera a mizinga, mbali ina yakwera ina yatsika.

Chimene oyamba amathawa ndi masamu. Tengani kapepala kopyapyala, muyeze nthiti yaikulu yapakati kuchokera pa thabwa loyambalo kufika pa msana. Tinene kuti mwapeza 100 mm, matabwa anu ndi a 5 mm m'lifupi: akufunika matabwa 20. Matabwa 20 omwewo ayenera kukwana pa nthiti iliyonse. Nthiti ya chakutsogolo ikakhala 70 mm, thabwa lililonse likhale 3.5 mm pamenepo. Lembani miyeso imeneyi pa thabwa, mulumikize ndi rula yachitsulo, mudule ndi mpeni wakuthwa, mbali imodzi yokha, yam'mwamba. Mudyenso pang'ono kangodya kamkati ka mphepeteyo kuti matabwa akumane popanda mpata pamene thupi lakhota.

Lamulo lake ndi lakuti thabwa lisachepe kupitirira theka la m'lifupi mwake. Nthiti ya kumphuno ikapereka 45 mm, kugawa ndi 20 kukupatsani 2.25 mm, zomwe zachepera 2.5 mm. Pamenepo thabwa limodzi lithere pa nthiti ya m'mbuyo, awiri asanduke limodzi. Kumbuyo zimatembenuka: malo amakula, matabwa amatayana, ndiye mumalowetsa kathabwa kosongoka pakati. Amene sasongola amakakamiza thabwa kukhotera m'mbali, mphepete yam'munsi n'kutukuka, chombo chonse n'kuoneka ngati mamba a chambo.

Mlamu wa ku Mayfair:
Ndiye tili ndi poyamba patatu tsopano: nthiti, madzi, thabwa.

Kalipentala wa ku Turffontein:
Onjezani pachinayi, pakuti a Mphunzitsi sanatchule kumbuyo kwa msana. Msana wapulaiwudi ukakhala 5 mm, mukamatapo matabwa a 1.5 mm uku ndi uku, kenako pamwamba pake matabwa achiwiri a mtengo wa walnut a 0.5 mm uku ndi uku, mwafika 9 mm, pomwe mtengo wogwira chiwongolero ndi 5 mm womwewo. Malo amenewo muwapale apyapyale musanamate kanthu. Komanso thabwa logundana ndi msana lisakwere kumphuno. Likakwera limadya malo a anzake, ndipo masamu a Mphunzitsi aja amafa. Ambiri amatsika ndi matabwa kuchokera m'mwamba, n'kukweranso kuchokera pa msana, kuti kampata kotsiriza kagwere pansi pa mimba pomwe maso safika.

Mayi a ku Yeoville:
Chondidandaulitsa ine si chombo. Ana obadwira kuno miyambi amangoitola ngati mawu a pa WhatsApp. Wina anauza mnzake kuti "walira mvula walira matope" pomuyamikira kuti wapeza ntchito. Ukawafunsa moni, yankho ndi "bho" kapena "shapu", Chizulu pakati, Chingerezi kumapeto. Mwana woti sanagwirepo khasu angadziwe bwanji m'mera?

Mwana wa ku Tembisa:
Mayi, ndi ulemu wonse, malume aja anafunsidwa tanthauzo n'kuyankha kuti kafunse. Ifeyo tiphunzira kwa yani? Pano akuluakulu anayi mwapereka mayankho anayi. Ine funso langa ndi la mapini: matabwa akung'ambika ndikakhoma.

Mphunzitsi wa ku Rosettenville:
Mwanawe, boola kaye ndi kabowolero ka 0.5 mm, makamaka kunsonga. Usakhome mpaka mutu, usiye pogwira kuti guluu akauma uzule, apo ayi mitu ya mapini idzang'amba sandipepa. Pa matabwa achiwiri a walnut usagwiritse mapini n'komwe, zibowo zimaoneka. Usanawaike, tseka ming'alu ya oyambawo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, upale ndi sandipepa wa 120 kenako wa 240 mpaka chala chisamve polumikizira. Walnut wa 0.5 mm sabisa kanthu, chigwa chilichonse chapansi chimatulukira pamwamba. Za moni wa "bho" Mayi akunena zoona, koma mawu amenewo anakwera basi kuchokera ku Blantyre, sanabadwire kuno.

Wakunyanja:
Palibe wandiyankha chifukwa chake agogo ankaunena atagwira mtsuko wa mawere, osati khasu. Ku Ntcheu mwina ndi za kumunda, sindikana. Kunyanja ndi chimera. Ndipo amisiri okhoma maboti amatabwa a asodzi ku Mangochi akafunsidwa, ndikhulupirira adzagwirizana nane.

Kalipentala wa ku Turffontein:
Amisiri amenewo mukawapeza adzakuonetsani msana ndi nthiti, a Wakunyanja. Walnut wopyapyala uja sanyikidwanso mphindi 30, kungomunyowetsa pang'ono pokhota kwambiri basi. Ndiye chimera chanu chikugwira theka la ntchito.

Wakunyanja:
Theka loyamba.

Mlamu wa ku Mayfair:
Mnyamata uja wawerenga zonsezi. Akuti nthiti sanapale, ndipo akufunsa ngati thabwa lomata ndi PVA lingachoke osathyoka.

Kalipentala wa ku Turffontein:
Lichoka. Anyowetse polumikizira ndi madzi ofunda kapena spiriti, adikire guluu afewe, alowetse mpeni wopyapyala pansi pa thabwa nthiti imodziimodzi kuyambira kumbuyo. Ngati guluu wake ndi wa mtundu wosamva madzi, agwiritse spiriti yekha ndipo adekhe. Nthiti ziume tsiku lathunthu asanazipale, pulaiwudi yonyowa imasendeka.