Sitima ikuima maola ochepa pa doko lililonse, amayi mawondo amawavuta: tione ziti, tisiye ziti?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mwezi wa Seputembala ndikuperekeza amayi anga pa ulendo wa sitima yapamadzi pa nyanja ya Mediterranean. Tikwerera ku Barcelona, kenako Marseille, Livorno, Civitavecchia, Naples ndi Valletta. Chikundisowetsa tulo ndi nthawi. Madoko ambiri tikufika cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kunyamuka cha m'ma 6 madzulo, ku Valletta ndiye theka la tsiku basi. Amayi ndi Mkatolika wolimba, mtima wawo wonse uli pa tchalitchi cha Petulo Woyera ku Vatican, koma sayenda mtunda wautali. Maulendo apamtunda amene eni sitima akugulitsa ndi odula, sitingalipire doko lililonse. Ndi pati pamene tingayende tokha, nanga pofunika kulipira ndi pati? Ineyo ndimalakalaka Florence ndi Pompeii. Viza ya Schengen ya amayi, yolowera maiko ambiri a ku Ulaya, yatuluka kale.

Mayi wina wa ku Leicester:
Achemwali, ndalama yanu ikani pa Rome, kwinako yendani nokha. Civitavecchia si Rome ayi, pali mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Mukatsika, basi ya padoko imakutulutsani kaye mpaka pa Largo della Pace, mukwerenso ina yopita ku siteshoni, kenako sitima yapamtunda yotenga pafupifupi ola kukafika pa siteshoni ya Roma San Pietro, n'kuyendanso wapansi mpaka pabwalo la tchalitchi. Pobwerera chimodzimodzi. Kwa munthu wa mawondo ovuta zimenezi n'zambiri. Chinanso, mukachedwa muli pa ulendo wa eni sitima amakudikirani, koma mukachedwa muli panokha amakusiyani. Si minibasi yoti kondakitala akakuonani mukuthamanga amenya chitseko kuti dalaivala aime.

Bambo wina wa ku Dublin:
Ine ndikutsutsako pang'ono mayi. Maulendo ambiri a eni sitima amathamangitsa anthu: Colosseum, kasupe wa Trevi, Vatican, zonse tsiku limodzi, wotsogolera ali patsogolo ndi kambendera. Amayiwo adzatopa asanagwade n'komwe. Funsani ulendo uja wongokunyamulani pa basi kukakusiyani mu Rome n'kudzakutengani madzulo. Umatsikirako mtengo, chitetezo cha nthawi chilipobe, ndipo tsiku lonse mulipereka kwa Petulo Woyera. Mukafika tsiku lanji ku Civitavecchia?

Wofunsa:
Lachitatu, achimwene.

Bambo wa ku Dublin:
Aaa, ndiye tcherani khutu. Lachitatu m'mawa Papa akakhala ali mu Rome amakumana ndi anthu, ndipo msonkhanowo ukamachitikira pabwalo, tchalitchi chimakhala chotseka mpaka cha m'masana. Matikiti a msonkhanowo ndi aulere koma amapemphedwa nthawi ikadalipo. Kuchokera kudoko n'kovuta kufika usanayambe, choncho musawalonjeze amayi kuti akaona Papa. Alonjezeni tchalitchi masana. Kulowa n'kwaulere, chimadya nthawi ndi mzere wosechedwa. Mukangolowa, kudzanja lamanja kuli chosema cha Michelangelo chotchedwa Pietà, Maria atanyamula mtembo wa Yesu. Sistine Chapel, katchalitchi ka zojambula zotchuka, ili mbali ya Vatican Museums, tikiti yake ndi ina ndipo kuyenda kwake m'katimo n'kwakutali. Pa tsiku lotere ndingaisiye. Mapewa ndi mawondo zikhale zophimbidwa, apo ayi pakhomo amabweza.

Mtsikana wina wa ku Coventry:
Za kuphimbazo amayi athu sasowa kuuzidwa, chitenje chili m'chikwama kale kkkk. Anti, Florence muiwale ulendo uno. Kuchokera ku Livorno ndi pafupifupi ola ndi theka pa sitima yapamtunda, ndiye mawa lake muli ndi Rome. Pisa ndi mphindi ngati 20 zokha. Nsanja yopendekeka ija, tchalitchi chachikulu ndi nyumba yobatiziramo zonse zili pabwalo limodzi lathyathyathya. Pa siteshoni tengani takisi, musayende. Tikiti yapepala ya sitima muidinde m'kamakina musanakwere, mukapezeka nayo yosadinda amalipiritsa chindapusa. Muonenso pa intaneti ngati tsikulo kulibe sitalaka, ku Italy za masitima zimachitikachitika.

Bambo wachikulire wa ku Johannesburg:
Mwanawe, Pompeii ndi mzinda wathunthu umene unakwiririka phiri la Vesuvius litaphulika m'chaka cha 79. Misewu yake ndi ya miyala ikuluikulu yosalingana, mthunzi ndi wosowa, ndipo mu Seputembala dzuwa limakhala lisanafooke. Mayi ako usawatengere kumeneko. Herculaneum inakwiririka nthawi yomweyo, ndi yaing'ono komanso yapafupi ndi Naples, pa sitima yapamtunda ya Circumvesuviana umatsikira pa Ercolano Scavi. Komabe popita n'kotsetsereka, pobwera chitunda. Ubwino wa Naples ngwakuti sitima imakocheza m'tauni mwenimweni pafupi ndi Castel Nuovo. Takisi ikakusiyeni ku tchalitchi chachikulu kumene amasunga magazi a Januwale Woyera, amene eni dera amati San Gennaro, chikondwerero chake ndi pa 19 Seputembala. Kenako mudye pizza, mubwerere. Ngati Pompeii yakukola mtima, mayi apume m'sitima tsiku limenelo, chakudya chilimo, iwe upite wekha.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri bambo. Kuwasiya okha mtima sukundilola, koma ndiwafunsa eni ake. Nanga theka la tsiku la ku Valletta likwanira chiyani?

Mayi wa ku Leicester:
Likwanira bwino, ndi tauni yaing'ono. Ili pamwamba, koma pafupi ndi doko pali chikepe chotchedwa Barrakka Lift chokufikitsani ku Upper Barrakka Gardens, pamene doko lonse limaonekera ndipo 12 koloko amaomba mzinga. Kuchoka apo mpaka ku tchalitchi cha St John's Co-Cathedral si patali. Muwakumbutse amayi kuti ichi ndi chisumbu chija cha Melita cha pa Machitidwe 28, pamene Paulo anapulumukira chombo chitasweka, njoka n'kumuluma padzanja. Malta ili mu Schengen, viza yomweyo igwira.

Ku Marseille sitima zikuluzikulu zimaima kutali ndi tauni. Fikani ku doko lakale la Vieux-Port, pamenepo basi nambala 60 imakwera phiri mpaka ku tchalitchi cha Notre-Dame de la Garde. Tchalitchi cha Sagrada Família ku Barcelona gulirani tikiti pa intaneti masabata akadalipo, ndipo chikwama chizikhala kutsogolo chifukwa opisa m'matumba ndi ambiri.

Mtsikana wa ku Coventry:
Tsiku lililonse musanatsike jambulani pa foni nthawi yomaliza kukwera ndi nambala ya wothandiza wa padoko, zimalembedwa pa kapepala ka pulogalamu kamene amakupatsani. Nthawi yomaliza kukwera imafika yonyamuka isanakwane, kawirikawiri ndi mphindi 30. Mankhwala a amayi ndi fotokope ya pasipoti zikhale m'chikwama chotsika nacho.

Wofunsa:
Ndalemba zonse. Funso lina abale, ku Vatican kuli polowera pa anthu ovutika kuyenda, kapena ndibwereke njinga ya olumala tisananyamuke?