Mikono ya juzi ikutambasuka ikachapidwa

Woluka wa ku Dedza: Achemwali, ndithandizeni. Ndinaluka juzi ya mwana wa sukulu ndi singano ya ngowe (crochet), kumapeto kwa mikono ndi m'chiuno ndinamaliza ndi front post ndi back post double crochet (maluko aatali okoledwa pathupi la luko la m'munsi, kutsogolo ndi kumbuyo). Poipereka inali bwinobwino. Dzulo mayi ake abwera nayo atangochapa kawiri, mikono ili yasa ngati kukamwa kwa thumba, mphepo ikulowa mpaka m'chigongono. Juni wayandikira, ndipo ndili ndi maoda ena anayi. Ndalakwitsa pati?

Wa ku Zomba: Ulusi wake ndi wanji? Wa thonje ukakokedwa subwerera.

Woluka wa ku Dedza: Ndi acrylic, wopangidwa ndi mankhwala ku fakitale, si wa thonje. Singano ndi ya 4 mm juzi yonse.

Mayi wamkulu wa ku Mzuzu: Vuto lili pomwepo, mwana wanga. Maluko a post amaoneka ngati nthiti, inde, koma ndi okhuthala ndipo sabwerera bwino. Masulani kumapeto kokhako, musakhudze thupi. Tengani singano ya 3.5 mm, kapena 3 mm ngati dzanja lanu ndi lolekerera. Zungulirani kumapeto kwa mkono ndi single crochet (luko lalifupi wamba), kenako pangani tcheni 9 kutuluka kunja. Pobwerera lowetsani singano m'kachingwe kakumbuyo kokha ka pamwamba pa luko lililonse. Mukafika pa mkono mangirirani ndi slip stitch (kungokola ulusi n'kuudutsitsa kamodzi) m'maluko awiri, tembenukani, mubwerere. Mukuluka chopingasa, ndiye nthiti zimaima mowongoka n'kumatseguka ndi kutsekeka ngati lasitiki.

Ine m'mizere imeneyi ndimaluka slip stitch yokhayokha. Imadya nthawi, zala zimawawa, koma imagwira dzanja la mwana mpaka juzi imuchepere. Musamange kwambiri, apo ayi singano ikana kulowa pobwerera.

Wa ku Zomba: Ndi maoda anayi, slip stitch ikuchedwetsani. Single crochet ya kachingwe kakumbuyo imafulumira ndipo imakokeka ndithu. Muziwerenga maluko mzere uliwonse, muzipeza 8. Lomaliza limabisala, mukalisiya mkombero umapendekeka. Kenako dutsitsani lasitiki wopyapyala mkati.

Mayi wamkulu wa ku Mzuzu: Lasitiki ndimakana pa mwana. Akathina amasiya mzere padzanja, ndipo amatha msanga kuposa ulusi. Musanalumikize mbali ziwiri za kumapetoko, muyeseni mwanayo: chibakera chidutse mokakamiza pang'ono. Komanso afunseni mayi akewo mmene amayanikira. Juzi yonyowa ikapachikidwa pachingwe, kulemera kwa madzi kumaikoka. Asamaipotokole pofinya, aziyala pamphasa pamthunzi.

Woluka wa ku Dedza: Ndafunsa, akuti amaipachika pachingwe ndi mapegi m'mikono momwemo! Mkono umodzi ndaumasula ndi kuuluka ndi slip stitch, 3.5 mm. Wanditengera madzulo onse, koma ndikaukoka ukubwerera wokha. M'chiuno ndiyesa single crochet ija, achemwali a ku Zomba. Zikomo kwambiri, amayi. Loweruka mwanayo abwera kudzayesa.