Ndikumaiwala zinthu koma dokotala akuti ndili bwino, kafukufuku ndingamupeze kuti?

Nachisale63:
Moni nonse. Ine ndili ndi zaka 63, kuyambira chaka chatha mutu wanga sukugwira ngati kale, dzina la munthu amene ndimamudziwa bwinobwino limangothawa, nthawi zina ndili mkati mofotokoza nkhani mawu amasowa nkungoti kakasi. Kwa dokotala anandiyeza ndi mafunso aja ojambula wotchi ndi kubwereza mawu, akuti ndakhoza palibe vuto. Koma mwini wakene ndikudziwa kuti china chake chasintha, komanso mayi anga anadwala matenda oiwala a Alzheimer ndiye mantha alipo. Mwana wanga akuti kuli makafukufuku ofuna anthu ngati ine. Amapezeka bwanji? Nanga munthu woti mayeso wakhoza angamulandire?

Mlamu_wa_Joe:
Mayi, amalandira ndithu, ena amafuna anthu otero enieniwo. Zomwe mukunenazi akatswiri amazitcha subjective cognitive decline, mwachidule SCD, munthu akuona yekha kuti nzeru zikubwerera mmbuyo koma mayeso ngati MoCA kapena MMSE akutuluka bwino. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Frank Jessen wa ku Germany linalemba zomwe amayang'ana kwambiri, monga ngati vuto layamba munthu atakwana zaka 60, ngati layamba m'zaka zisanu zapitazi, ngati likumudetsa nkhawa, komanso ngati wachibale naye akuvomereza kuti eya zasinthadi.

Pofufuza lowani pa ClinicalTrials.gov, pa bokosi la matenda mulembe mawu achingerezi ndatchulawo, musankhe Recruiting ndi dziko lomwe muli. Mukapeza zochepa yesani preclinical Alzheimer's, chifukwa ambiri amalemba choncho. WHO ili ndi ICTRP yomwe imasonkhanitsa makaundula a maiko osiyanasiyana, a mu Africa ambiri ali pa PACTR. Amene ali ku America pali TrialMatch ya Alzheimer's Association, ku UK pali Join Dementia Research, kumeneko mumangolembetsa iwo nkumakuuzani kafukufuku wokuyenerani akapezeka. Pansi pa kafukufuku aliyense pamakhala imelo kapena nambala, musachite manyazi alembereni.

Gogo_Tiya:
Ine ndinadutsamo ndiye ndikuuzeni zoona, kulembetsa nkosavuta koma kulowa ndi nkhani ina. Poyamba amakuimbira foni mafunso ambirimbiri, mankhwala omwe mukumwa, ngati munadwalapo sitiroko, ngati muli ndi chitsulo mthupi chifukwa cha MRI, makina ojambula mkati mwa thupi okhala ndi maginito amphamvu. Kenako magazi, mayeso a kukumbukira otenga maola, sikani ya ubongo, ena mpaka kutenga madzi a pamsana. Ine anandibweza pa sikani, akuti mu ubongo mwanga mulibe amyloid wokwanira, zija zimaunjikana mwa odwala Alzheimer. Tsiku limenelo sindinadziwe kuti ndikhumudwe kapena ndivine kkk.

Ndipo kubwezedwa sikwachilendo. Mu kafukufuku wa A4, wa anthu a zaka 65 mpaka 85 omwe mayeso amakhoza bwino, mwa onse omwe anajambulidwa sikani ya ubongo yotchedwa PET ndi pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu amene anapezeka ndi amyloid wochuluka. Omwe analowawo analandira dripu kwa zaka zoposa zinayi, ena mankhwala otchedwa solanezumab ena plasibo (dripu yopanda mankhwala) osadziwa, ndiye mu 2023 zotsatira zinatuluka zoti mankhwalawo sanachedwetse kuiwala. Sindikunena kuti anataya nthawi ayi, madokotala anaphunzirapo zambiri, koma musalowe ndi mtima woti mukukalandira chithandizo.

Chomwe ndikufuna muganizire usiku mukagona ndi ichi, mukufunadi kudziwa? Chifukwa akakuitanani kuti mwalowa ndiye kuti akuuzani kale kuti amyloid alipo, ndipo zimenezo simungazibweze, komanso kukhala naye sikutanthauza kuti mudzadwala basi. Mnzanga wina anamva zake nkumangolira sabata yonse. Funsani musanasaine fomu ngati adzakuuzani zotsatira, za APOE4 zomwe (jini yotengera kwa makolo yomwe imakweza chiopsezo cha Alzheimer), ndi amene adzakhale nanu pansi kukufotokozerani.

Chikondi_M:
Pepani ndisiyaneko pang'ono ndi anzangawa. Musanathamangire kafukufuku dokotala anayeza vitamini B12 ndi chithokomiro? Mumagona bwanji, mumaliza mkonono nkumadzidzimuka usiku? Makutu akumva bwino? Nkhawa ndi kukhumudwa zimaiwalitsa koopsa, mapiritsi ena ogonetsa nawonso. Anthu ambiri a SCD safika podwala dementia, matenda oiwala enieniwo, ndipo zinazi zimachizika.

Chachiwiri chenjerani ndi ofuna ndalama. Kupezeka pa ClinicalTrials.gov sikutanthauza kuti boma la America launika kafukufukuyo, webusaitiyo imanena yokha zimenezo, ndipo pali makiliniki a ma stem cell omwe amalembetsapo nkumalipiritsa anthu. Wakuti lipirani kaye kuti mulowe ameneyo mthaweni. Funsani komiti yomwe inavomereza kafukufukuyo, ndiponso mukavulala adzalipira chipatala ndani. Mankhwala atsopanowa ngati lecanemab amatha kutupitsa ubongo kapena kudonthetsa magazi pang'ono mkati, nchifukwa chake amajambula MRI pafupipafupi, makamaka kwa omwe ali ndi APOE4.

Si makafukufuku onse omwe ndi a mankhwala. Kafukufuku wa FINGER ku Finland anatenga anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77, kwa zaka ziwiri kadyedwe, mafizo, masewera a ubongo ndi kuyang'anira BP ndi shuga, ndipo mu 2015 anapeza kuti gulu lomwe linatsata zimenezi linachita bwinoko kuposa linzake lomwe linangolandira malangizo wamba. Palinso ongokutsatirani chaka ndi chaka osakupatsani kanthu. Akanakhala mayi anga ndikanati ayambire kumeneko.

Nachisale63:
Zikomo nonse, B12 sanayeze ndikafunsa. Koma ndawerenga za kafukufuku wina akuti pamafunika study partner, munthu woti azipereka umboni wa mmene ndilili, bambo akunyumba anatisiya ndipo mwana wanga amakhala kutali, timangolankhula pa foni. Ndiye kuti ine basi zanga zada?

Gogo_Tiya:
Ayi mayi sizinade. Amafuna munthu wokudziwani bwino woti anganene ngati mwasintha, sikuti akhale wachibale, mnzanu kapena neba yemwe mumaonana naye kawirikawiri amatheka. Malamulo amasiyana, ena amalola kuti ayankhe pa foni ena amafuna abwere maulendo ena, ndiye funsani pa foni yoyamba ija musanabooledwe mkono. Wanga anali mdzukulu, ndipo anawauza zoti ndinabwereza nkhani imodzi kawiri tsiku limodzi, ine osadziwa nkomwe.