Ntchito za nyengo zosamalira chilengedwe ndi kukonza njira za m'nkhalango

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito za kanthawi m'malo otetezedwa, monga kubzala mitengo yachilengedwe, kuzula zomera zachilendo zimene zimapondereza zinzake, ndi kukumba ngalande zopatutsa madzi amvula kuti asakokolole njira za oyenda pansi. Ndikufunitsitsa kulowa ntchitoyi, koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi miyezi imene ntchito imaima, pakuti malipiro nawonso amaima. Kodi inu mumatani m'nyengo imeneyo? Komanso, kodi olemba ntchito amafuna kuti munthu akhale kale ndi satifiketi ya chithandizo choyamba ndi yogwiritsa ntchito macheka a injini, kapena amaphunzitsa okha? Ndingayamikenso kumva ngati ntchito zoterezi zimathandizadi munthu kudzalembedwa ntchito yokhazikika.