Ndani angamuchotse Carlsen pampando ku Norway Chess?

Moni nonse okonda chess. Ndikufuna kulosera amene angapambane mpikisano wa Norway Chess ukubwerawu, koma kagawidwe ka mapointi kakundisokoneza. Wopambana gemu yaitali amapeza mapointi 3. Akalepherana amasewera armageddon (gemu yachangu yopezera wopambana), wopambana amatenga 1.5, wogonja 1, ndipo akalepherananso pamenepo, wa zakuda ndiye wapambana.

Ndayesa kudalira ma rating (manambala oonetsa mphamvu za osewera) a FIDE, bungwe la chess la padziko lonse, ndabwerezanso magemu a 2025 pa webusaiti ya chess ya Lichess, koma sindikupezabe poyambira. Chaka chimenecho Gukesh anagonjetsa Carlsen mpaka Carlsenyo kumenya tebulo ndi chibakera, komabe chikho anatenga Carlsen yemweyo, Caruana n'kukhala wachiwiri.

Ndiye polosera ndiziyang'ana kwambiri rating ya classical (magemu aatali) kapena ya blitz (magemu achangu)? Ine mtima wanga uli pa Caruana. Inu akuluakulu amene mwautsatira mpikisanowu kwa nthawi yaitali, mukuona bwanji?