Anditengera nsinjiro kuti akayeze, akufunamo chiyani?

Nabanda wa ku Rosettenville

Abale anga a kuno ku Joni, ndithandizeni nzeru. Ine ndimagulitsa zakumudzi: usipa, mpunga wa kilombero, nyemba, nsinjiro ndi chiponde. Katundu amabwera pa basi, ndipo ndimamuika pa shelefu mu spaza (kasitolo kakang'ono ka m'lokeshoni) ya mnzanga. Lachiwiri kunabwera anthu awiri a zaumoyo ochokera kukhonsolo. Usipa anangouyang'ana n'kuusiya, koma anatenga mapaketi atatu a nsinjiro ndi botolo la chiponde, ati akukayeza. Anafunsanso chifukwa chake pa paketi palibe deti. Deti pa nsinjiro, zoona? Mtedzawu amalima mayi anga ku Mchinji, tonse takulira womwewu. Akufunamo chiyani? Kapena n'chifukwa choti ndine wobwera? Tulo sindikugona.

Aphiri Ophika

Chemwali, mtima m'malo. Ine ndili chaka chachisanu ndi chiwiri m'khitchini ya lesitilanti, anthu amenewa ndinawazolowera. Akufuna poizoni wochokera ku chuku, dzina lake aflatoxin. Mtedza ukalowa m'thumba usanaume bwino umachita nkhungu, makamakanso ukauwaza madzi kuti makoko afewe posenda, monga timachitira kwathu kuja. Choipa chake n'chakuti poizoniyu satha ndi moto. Kazingani, sinjani, tendelerani nkhwani, iye ali momwemo. Sakugwetsa lero lomwe ayi, amadya chiwindi pang'onopang'ono, ena mpaka khansa. Lamulo la kuno limalola mamaikulogalamu 10 okha pa kilogalamu, kanthu koti diso silingaone. Mu February 2024 masitolo akuluakulu anachotsa chiponde chawo m'mashelefu chifukwa cha chomwechi, ndiye si inu nokha.

Mtchona wa ku Mayfair

Aphiri, zanuzo n'zoona koma tisanamizane, ife obwera ndi amene akutiyendera kwambiri. Zonsezi zinakula mu October 2024, ana asanu ndi mmodzi atamwalira ku Naledi, ku Soweto. Atayeza anapeza kuti chinawapha ndi terbufos, mankhwala a m'munda amene anthu amagula m'misewu kuti aphere makoswe. Mu November Pulezidenti Ramaphosa analamula kuti spaza iliyonse ilembetse kukhonsolo. Mayi, funsani mnzanuyo ngati ali ndi Certificate of Acceptability, chiphaso chotsimikiza kuti malo ndi oyenera kugulitsirapo zakudya, ndi pepala limene a zaumoyo amayamba kufunsa. Ndipo ngati pansi pa shelefu pali timapepala ta mankhwala a makoswe, tichoke lero.

Make Chisomo

Ine nkhani yoyeza zakudya sindimaitenga mwamasewera. Kumayambiriro kwa 2018 ndinali woyembekezera, ndipo nkhuli yanga inali kota (chidutswa cha buledi choikamo ndiwo m'kati) ya polony, nyama yogaya yonga soseji, tsiku ndi tsiku pobwera kuntchito. Pa 4 March a Motsoaledi, nduna ya zaumoyo, analengeza kuti matenda a listeriosis akuchokera ku polony wa fakitale ina ya ku Polokwane. Amene anafufuza mpaka kupeza gwero lake ndi a NICD, bungwe lofufuza matenda opatsirana, omwe ali ku Sandringham konkuno. Anthu oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. Ndikukumbukira ndinatsegula firiji n'kuutenga m'manja polony uja: wofiirira bwinobwino, wopanda fungo lililonse loipa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira. Chisomo wanga anabadwa bwino, pano ali kusukulu, koma mphuno yanga ndinasiya kuikhulupirira.

Ndiwonjezereko za mankhwala, poti timakonda kutumizirana pa basi. LA, amoxicillin, mankhwala a chifuwa a ana, zonse zimayenda masiku awiri m'chikwama chotentha, zina zopanda ndi bokosi lomwe. Kuno woyang'anira mankhwala ndi SAHPRA, monga ilili PMRA kwathu, ndipo mankhwala olembetsedwa amakhala ndi nambala pa bokosi. Kumbukirani ana a ku Gambia mu 2022, anafa ndi mankhwala a chifuwa a m'botolo looneka labwinobwino. Asisi, chonde musadzayambe kugulitsa mapilisi pa shelefu yanuyo, ngakhale makasitomala akuchondelereni.

Nabanda wa ku Rosettenville

Zikomo nonse. Pepala lija mnzanga ali nalo, lili pakhoma, ine ndinkaliyesa kalendala. Dzulo usiku ndinaimbira mayi pa WhatsApp kuwafunsa mmene amakonzera mtedza. Ati amaumitsa bwino pa mkeka, samawaza madzi. Mtima unakhala pansi. Kenako ndinafunsa kuti wa nsinjiro amasankha uti. Anaseka, ati: "Iwe, wabwino ndimagulitsa kwa mavenda. Wonyala ndi wosweka ndiye ndimasinja, ukasanduka ufa ndani angadziwe?"

Ndawauza kuti ulendo uno anditumizire wamaso wosasinja, ndidzasankha ndekha. Zotsatira sizinabwere. Ndili ndi ndowa ziwiri za nsinjiro pansi pa bedi, ndalama zanga zonse za mwezi uno, ndipo sindinagulitsepo ngakhale paketi imodzi chichokereni Lachiwiri.